MZINDA UKAPSA, UTSI UMAFIKA KUMUDZI

Awerengi, alipo ena kuno kumalire amene amati nkhani ya zipolowe ndi ya anthu a ku Maputo okha, chifukwa kuchokera ku Tete kukafika kumeneko pali makilomita oposa 1,500. Ine ndikuti ayi. Palibe mudzi ku Angónia, ku Tsangano, ku Macanga, ku Milange kapena ku Mandimba umene ulibe mwana wake m'tauni, wina akugulitsa pa baraka, wina akuitanira chapa, wina akulondera nyumba ya bwana. Choncho pamene mzinda wayamba kuyaka, amayi a kumudzi sagona tulo, ndipo sipapita sabata mtengo wa sopo ndi mafuta ophikira usanakwere pa msika wathu womwe uno.

Tiyeni tikumbutsane zimene zidachitika. Chisankho chidachitika pa 9 Okutobala 2024. Usiku wa pa 18 kulowa pa 19 mwezi womwewo, a Elvino Dias, loya wa a Venâncio Mondlane, pamodzi ndi a Paulo Guambe a chipani cha Podemos, adawomberedwa ndi mfuti ali m'galimoto mu mzinda wa Maputo. Kuyambira pamenepo anthu adadzaza misewu, matayala adayamba kuyaka, ndipo apolisi adayankha ndi utsi wokhetsa misozi komanso zipolopolo. Pa 23 Disembala bwalo la Conselho Constitucional lidalengeza kuti a Daniel Chapo apambana ndi mavoti 65 pa 100 alionse, ndipo masiku otsatirawo ndiwo adali oipitsitsa. Masitolo, nyumba zosungira katundu, mabanki, maofesi a chipani ndi a polisi zidathyoledwa kapena kutenthedwa. Pa 24 Disembala nduna ya za m'dziko ya nthawi imeneyo, a Pascoal Ronda, idati anthu 21 adafa m'maola 24 okha, awiri mwa iwo apolisi. Pa tsiku la Khirisimasi akaidi oposa 1,500 adathawa m'ndende yaikulu ya ku Machava ndipo 33 adafera pomwepo. Pofika tsiku limene a Chapo adalumbira, pa 15 Januwale 2025, bungwe la Plataforma Decide lidali litawerenga anthu akufa oposa 300 m'dziko lonse.

Manambala amenewa tidawamva pa wailesi. Chimene sitikamba kawirikawiri ndi moyo wa munthu wamba amene sadaponye mwala, sadawombere mfuti, koma adapezeka pakati.

Munthu wa m'tauni sali ngati ife amene tili ndi nkhokwe kuseri kwa nyumba. Ambiri a m'mabairo amadya chimene apeza tsiku lomwelo. Mayi wogulitsa tomato akapanda kutuluka lero, madzulo moto suyaka. Tsono chipolowe chikayamba, chapa imaleka kuyenda, msika umatsekedwa, buledi amene kuno timati pau sapezeka, ndipo mayi woyembekezera kapena munthu amene amakalandira mankhwala mwezi ndi mwezi ku chipatala amasowa podzera chifukwa msewu watsekedwa ndi miyala ndi zipika. Tsiku loyamba munthu amapirira. Tsiku lachitatu ana akulira njala, m'nyumba mwalowa utsi wa apolisi, ndipo bambo akuyang'ana pa zenera kuona anzake akudutsa atasenza matumba a mpunga.

Apa ndi pamene pali chiyeso. Tisanamizane kuti onse amene adalowa m'masitolo adali mbava zodziwika. Amene amathyola chitseko amakhala ochepa. Koma chitseko chikangotseguka, amalowa ndi mayi wa kwaya, ndi mwana wa sukulu, ndi bambo amene moyo wake wonse sadabepo ngakhale nkhuku. Aliyense mumtima amati, ndikapanda kutenga ine atenga wina. Pa gulu manyazi amatha, ndipo munthu amachita chinthu chimene akadakhala yekha sakadachiganizira n'komwe. Wina amatenga ufa chifukwa cha njala. Wina amatenga firiji pamene kunyumba kwake kulibe magetsi.

Chimwemwe chake ndi cha masiku awiri. Akulu adati nkhuyu zodya ana zidapota akulu. Khirisimasi ya 2024 itangodutsa, anthu a ku Maputo ndi Matola adadzuka n'kupeza kuti sitolo imene ankagulako pafupi yasanduka phulusa, mizere ya mafuta a galimoto yatalika, ndipo katundu wotsalayo wakwera mtengo. Mnyamata amene ankapanga ganyu yotsitsa matumba pa sitoloyo ntchito yatha. Mlonda ntchito yatha. Mtsikana wa pa kauntala ntchito yatha. Mwini sitolo yaikulu mwina ali ndi inshuwalansi ndi ndalama ku banki, akhoza kutseka n'kupita kwina. Koma mwini baraka amene adayamba ndi ndalama ya mbatatesi ya makolo ake alibe kolowera. Ndipo mwa anthu otha ntchitowo muli ana athu, omwe aja amene amatitumizira kangachepe pa M-Pesa kapena pa e-Mola kuti tigule feteleza mwezi wa Disembala.

Chikadutsa chiyeso cha kuba, chimabwera chiyeso cha mantha. Akaidi aja atathawa, mphekesera idayenda m'mafoni kuti magulu a anthu a zikwanje akulowa nyumba ndi nyumba. Amuna a m'mabairo ambiri adachezera panja usiku wonse ndi zibonga, zikwanje ndi mawezulo, kulondera mabanja awo. Kulondera si kulakwa. Pamene apolisi sakuoneka, mutu umodzi susenza denga, anthu ayenera kugwirizana. Koma gulu la anthu amantha, osagona, onyamula zida, silifunsa mafunso ambiri. Munthu wachilendo, wolankhula chinenero china, wosadziwa dzina la sekeretariyo wa bairo, akhoza kufa asanatsegule pakamwa. Tidaziona ku South Africa mu Julaye 2021, a Jacob Zuma atalowa m'ndende. Anthu oposa 300 adafa pa zipolowe ndi kufunkha katundu ku KwaZulu-Natal ndi ku Gauteng, ndipo ku Phoenix, dera la mzinda wa Durban, anthu oposa 30 adafera m'chipwirikiti cha magulu amene ankati akuteteza makomo awo. Ndani amakhala mlendo mu mzinda? Ndi mwana wathu wochokera ku Domwe kapena ku Furancungo, amene Chichangana sachidziwa ndipo Chipwitikizi chake ndi cha kusukulu ya kumudzi.

Ena zikafika povuta amathawa. Sabata ya Khirisimasi ya 2024 akuluakulu a boma la Nsanje ku Malawi adanena kuti anthu pafupifupi 13,000 adawoloka mitsinje ya Shire ndi Ruo kuchokera mbali ya Zambézia, ambiri mwa iwo amayi ndi ana. Kwa ife a kumalire nkhani imeneyi si yachilendo. Pa nthawi ya nkhondo imene idatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu athu oposa miliyoni imodzi adakhala ku Malawi ngati othawa kwawo. Amene adadya nandolo wa m'misasa ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mwanza ndi ku Nsanje akadali moyo, ndipo akudziwa kuti kusiya munda nyengo yopalira ndiye kuitana njala ya chaka chamawa.

Ngakhale amene sadathawe, utsi udawafika. Mu Novembala 2024 dziko la South Africa lidatseka kwa kanthawi chipata cha Lebombo, moyang'anana ndi Ressano Garcia, ndipo magalimoto a katundu adaima mzere wautali. Malawi, amene mafuta ake ambiri amadzera ku madoko a Beira ndi Nacala, adali kale pa vuto la mafuta ndipo lidakula. Mlimi wa mbatatesi, kabichi kapena tomato amadziwa kuti katundu wake sadikira. Lole ikachedwa masiku atatu chifukwa dalaivala akuopa msewu, thukuta la miyezi inayi limaolera m'matumba pambali pa msewu, ndipo wogula amene wafika amatchula mtengo umene akufuna.

Tsono wina anena kuti, kodi mukuti anthu azingokhala chete pamene akuvutika? Sindikutero. Mkwiyo wa anthu uli ndi mizu yake. Pa 5 Febuluwale 2008 anthu a ku Maputo adatseka misewu chifukwa cha mtengo wa chapa, ndipo boma lidabweza mtengowo. Pa 1 ndi 2 Seputembala 2010 adatulukanso chifukwa cha mtengo wa buledi, madzi ndi magetsi, anthu osachepera 13 adafa, ndipo pasanathe sabata boma lidabwezanso mtengo wa buledi. Abale athu a ku Malawi adataya anthu pafupifupi 20 pa zionetsero za pa 20 Julaye 2011, ambiri a iwo ku Mzuzu. Phunziro limene achinyamata amatolapo pa mbiri yotereyi ndi loopsa: kuti akuluakulu samva pempho, amamva moto. Ngati atsogoleri safuna kuti phunziro limeneli likhazikike, ayenera kumva anthu matayala asanayake. A Chapo ndi a Mondlane adakumana pa 23 Marichi 2025 n'kugwirizana zothetsa ziwawa. Tikuyamika, koma tifunsenso: kukumana kumeneko kukadachitika miyezi isanu m'mbuyo, ndi maliro angati amene sitikadalira?

Kwa apolisi nawo mawu alipo. Ambiri mwa anthu amene adafa mu 2024 adafa ndi zipolopolo, ndipo pakati pawo padali ana ndi anthu ongodutsa. Thumba la mpunga silingafanane ndi moyo wa munthu. Wakuba agwidwe, akaonekere kubwalo la milandu. Wapolisi akawombera pa gulu, amene wagwa pansi amasiya abale makumi awiri amene mawa sadzakhulupiriranso yunifolomu, ndipo tsiku limene polisi idzafune mboni, palibe adzayankhula.

Komanso tisiyanitse zinthu ziwiri. Mu Novembala 2024 anthu a m'mizinda ankaima pa makomo ndi pa mazenera usiku, kumenya mapoto ndi kuimba mawezulo. Dziko lonse lidamva, ndipo palibe baraka imene idapsa ndi phokoso la poto. Kumeneko ndi kudandaula. Koma kutentha chigayo, kuthyola sitolo ya mankhwala, kapena kulipiritsa ndalama munthu wodwala pa chipika chotseka msewu, kumeneko sikulanga boma. Nduna sigula pa baraka. Nduna sikwera chapa. Wolangidwa ndi mnansi wako amene akuvutika ngati iwe.

Nanga ife a kumudzi tingachitepo chiyani? Zilipo zitatu zimene zili m'manja mwathu.

Choyamba, tisagule katundu wofunkha. Zipolowe zikatha, katundu amafuna kobisala, ndipo malo abwino ndi misika ya kumalire kumene ndalama ziwiri zimayenda ndipo munthu akhoza kuwoloka msewu n'kukhala ali m'dziko lina. Mukaona wailesi yatsopano, matiresi a m'pepala kapena katoni ya mafuta ophikira pa theka la mtengo wake, wogulitsa alibe lisiti ndipo akufulumira, dziwani kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Wolandira chakuba lamulo limamuwerenga wolakwa, ndipo wogula ndiye amapatsa wakuba chifukwa chobwererako. Chimodzimodzi mwana akafika kuchokera m'tauni ndi katundu woposa malipiro ake, kholo lifunse lisanavine.

Chachiwiri, tisamale ndi mphekesera. Kale nkhani inkayenda ndi njinga, lero imayenda pa WhatsApp, ndipo uthenga umodzi wa mawu ukhoza kuthamangitsa mudzi wonse kupita kuthengo. Musanatumize kwa wina, funsani: wanena ndani, waona ndi maso ake ndani, zachitika kuti ndipo liti? Imbirani mbale wanu amene ali komweko. Mverani wailesi zingapo, osati imodzi. Ndipo pokhala intaneti ya m'mafoni idadulidwa kangapo mu Okutobala ndi Novembala 2024, banja lililonse likhale ndi nambala ya mnansi kapena ya mkulu wa mpingo wa kumene mwana wawo akukhala, zolembedwa pa pepala.

Chachitatu, mafumu, anyakwawa ndi akulu a mipingo akhazikitse lamulo nthawi ya mtendere ino, lakuti mlendo wogwidwa usiku apite naye kwa mfumu ali wamoyo, osamenyedwa. Lamulo lotere silipangidwa pamene anthu anyamula kale zibonga. Likambidwe pa bwalo, pa maliro, pa msonkhano wa makuponi, kufikira mwana aliyense alidziwe. Ndipo wothawa akagogoda pakhomo pathu, kaya wachokera ku Tete, kaya ku Lilongwe, tikumbuke kuti ifenso tidagogodapo pa makomo a eni ake ndipo adatitsegulira.

Zisankho zidzabweranso, mitengo ya zinthu idzakweranso, ndipo achinyamata opanda ntchito akuchulukirachulukira m'mizinda yathu. Kholo lililonse limene lili ndi mwana m'tauni limuimbire lamya sabata ino, kukadali bata, limuuze kuti: ukadandaula dandaula ndi pakamwa pako ndi voti yako, koma chitseko cha sitolo chikathyoka, iwe bwerera kunyumba manja ali chete. Kuno kumudzi tikhoza kudya nsima ya ndiwo za nkhwani chaka chonse, koma bokosi lochokera ku Maputo sitingalikwanitse.