CHENJEZO: Musakwere kabaza mutu uli pambalambanda

Kwa nonse amene mumakwera njinga zamoto, kwa inu akabaza, ndi kwa eni njinga amene mumadikira ndalama ya tsiku muli pakhomo: anthu akutha pamsewu, ndipo ambiri ndi achinyamata amene m'mawa amatsanzika kuti abwera posachedwa. Kuyambira lero musakwere njinga yamoto opanda chisoti choteteza mutu, ndipo lamba wake amangidwe pansi pa chibwano. Wakabaza akakhala kuti alibe chisoti cha wokwera, msiyeni apite, muimike wina.

Chifukwa chimene tinaikondera njingayi n'chodziwika. Imalowa komwe minibasi siifika, m'kati mwa Chinsapo, kumtunda kwa Ndirande, ku Bangwe, ku Zolozolo, ndipo imakutulani pakhomo penipeni. Magalimoto akathithikana pa Ginnery Corner, iyo imangopyola pakati n'kumapita. Yapatsa ntchito anyamata ambirimbiri amene akanangokhala. Sindikunena kuti tiisiye. Koma pitani ku wodi ya othyoka mafupa ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Mzuzu Central, mufunse odwala mmodzimmodzi chimene chinawagoneka pamenepo. Mudzatopa n'kumva za kabaza.

Amenewo ndiye amwayi. Fupa la mwendo limalumikizana, ngakhale patenge miyezi munthu ali m'chikhakha kapena atamuika chitsulo. Ubongo suchira choncho. Mutu ukamenya phula, ubongo umagwedezeka n'kudzimenyetsa ku chigaza, mitsempha imang'ambika, magazi n'kumasonkhana m'kati momwe mulibe potulukira. Ena amafera pomwepo. Ena amatsitsimuka koma osalankhulanso bwino, osakumbukira mayina a ana awo, kapena n'kuyamba kugwa khunyu. Bungwe la World Health Organization likuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi zapamsewu chaka chilichonse padziko lonse, ndipo ngozizi ndizo zikutsogola pakupha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Bungwe lomweli likuti chisoti chovalidwa moyenera chimachepetsa chiopsezo chovulala ubongo mpaka ndi 74 peresenti.

Mawu akuti "moyenera" ndi amene tikuwaphonya. Chipewa cha pulasitiki chovala omanga nyumba si chisoti cha njinga yamoto. Chija anachipangira njerwa kapena chitsulo chogwa kuchokera pamwamba, sichiphimba kumakutu, kunkhongo ndi chibwano, ndipo munthu akagwa chimathawa iye asanafike pansi. Chisoti chenicheni chili ndi chikopa cholimba kunja, ndipo m'kati mwake muli chinthu chochindikala chimene chimaphwanyika kuti chilandire mphamvu imene ikanafika ku ubongo. Chimaphwanyika kamodzi basi. N'chifukwa chake chisoti chimene chinamenyekapo kale pa ngozi chiyenera kutayidwa, ngakhale kunja kukuoneka bwinobwino. Chokhwepa, chogwedera mukapukusa mutu, sichikuthandizani. Chosamanga lamba chimavuka pa kugunda koyamba. Ndipo chokoleka pa handulo, chodikira kuvalidwa apolisi akaonekera kutsogolo, chikuteteza handuloyo, osati inu.

Zifukwa zokanira ndimazimva. Ena amati chimanunkha thukuta la anthu ena, ndipo n'zoona, zambiri zimanunkhadi. Valani duku kapena kansalu koyera m'kati, ndipo ngati kabaza ndiye ulendo wanu wa tsiku ndi tsiku, gulani chanu muziyenda nacho. Amayi ena amati chiwononga tsitsi. Tsitsi limalukidwanso, mayi. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chija chakuti "ndi pafupi pompa". Njinga yothamanga makilomita 50 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi. Mwana akadumphira mumsewu, kapena galu, kapena chitseko cha galimoto chikatseguka, woyendetsa amakhala atadutsa mamita onsewo dzanja lisanafike n'komwe pa buleki. Zimenezi zimachitika pa ulendo wochoka kumsika kupita kunyumba, mumsewu umene mumaudziwa dzenje lililonse.

Inu okwera, mphamvu muli nayo kuposa mmene mumaganizira, chifukwa ndalama ili m'thumba mwanu. Musanakwere, yang'anani munthuyo kumaso. Ngati akununkha mowa, maso ali psuu, kapena akulankhula zosokonekera, musakwere, ngakhale atsitse mtengo. Yang'anani njingayo: ili ndi magalasi oonera kumbuyo? Nyali zikuyaka? Matayala sanathe mpaka kusalala? Ili ndi nambala? Njinga yopanda nambala ikakuvulazani n'kuthawa, mudzaisaka kuti?

Kwerani nokha. Kukhala anthu atatu kapena anayi pa njinga imodzi, thumba la ufa lili pa thanki, kumachititsa kuti kutsogolo kupepuke, njinga ivute kukhota ndipo mabuleki achedwe kugwira. Chimene chimandiwawa koposa ndi kuona khanda lili kumbuyo kwa mayi ake pa njinga yothamanga, kamutu kali lendelende, kapena ana a sukulu atatu atapanikizana kumbuyo kwa wakabaza m'mawa. Mwana wamng'ono satha kugwira zolimba, amagona panjira, miyendo yake siifika popondera, ndipo chisoti cha munthu wamkulu sichimukwana. Makolo, ndalama imene mukupulumutsa pokweza ana atatu pamodzi siingakwane ngakhale thiransipoti ya gadiyani wopita kuchipatala.

Khalani motang'adza, mapazi onse awiri ali popondera. Pindani chitenje, siketi yaitali ndi mpango kuti zisalendewere, chifukwa zikakodwa mu tcheni kapena m'masipoko zimakukokerani pansi nthawi yomweyo. Samalani mwendo ndi ekizozi, imaotcha mpaka kusupula khungu. Ndipo musamuuze woyendetsa kuti "thamangani ndachedwa". Akathamanga yekha, lankhulani: "Achimwene, chepetsani liwiro." Akapanda kumva, muuzeni aime, mumulipire, mutsike. Palibe chamanyazi pamenepo.

Tsopano inu akabaza, abale anga. Ntchito yanu ndi yolemekezeka, ndipo ambiri mwa inu mukudyetsa mabanja mwachilungamo. Koma kuphunzira njinga masana amodzi pa bwalo la mpira sikukupangani kukhala woyendetsa. Lamulo likufuna kuti mukhale ndi laisensi, ya A1 pa njinga zazing'ono ndi ya A pa zazikulu, kuchokera ku nthambi yoona za pamsewu ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, ndiponso kuti njinga ikhale yolembetsedwa ndi ya inshuwalansi. Ndikudziwa kuti mitengo yake mumaidandaula, ndipo dandaulo limenelo n'loyenera kumveka kwa akuluakulu. Komabe tsiku limene mudzavulaze munthu mulibe mapepala, mlandu ndi chipukuta misozi zidzagwera pa inu.

Opani lole. Dalaivala wa lole yaikulu ali ndi malo amene saona m'pang'ono pomwe, makamaka m'mbali mwake kumanzere ndi kumbuyo kwenikweni. Ngati inu simukuona nkhope yake pa galasi lake, iyenso sakukuonani. Lole ikamakhotera kumanzere, matayala akumbuyo amadula pafupi ndi m'mphepete kuposa akutsogolo, ndipo wakabaza amene walowa pampata umenewo alibe kothawira. Pa M1 ndi m'misewu ya ku Kanengo, komwe malole sakata, musapitirire galimoto kumanzere. Minibasi nayo imaima paliponse pomwe kondakitala waona munthu, choncho isiyireni mpata. Musayende mosemphana ndi magalimoto pofuna kudula njira, musadutse maloboti atafiira, ndipo foni ndi mahedifoni zidikire mukaima.

Phunzirani kugwiritsa ntchito mabuleki onse awiri. Ambiri amaopa buleki yakutsogolo n'kumangoponda yakumbuyo, chonsecho mphamvu yaikulu yoimitsa njinga ili kutsogolo. Ifinyeni pang'onopang'ono, osati modzidzimutsa, ndipo chepetsani liwiro musanalowe pokhota. Mvula yoyamba ikagwa, mafuta ndi fumbi zimene zakhala pa phula chilimwe chonse zimasanduka thope loterera, ndipo madzi amabisa maenje. Mchenga wokokoloka umene umatsala pamakona ndi woopsa chimodzimodzi. Usiku valani jekete yowala ija, ndipo babu yakumbuyo ikapsa musanyamule munthu mpaka mutagula ina. Madalaivala amakuonani mochedwa kwambiri kuposa mmene mumaganizira.

Eni njinga, mnyamata amene mwamuikira ndalama ya tsiku yosatheka kuipeza adzaipeza pothamanga, podzaza anthu ndi pogwira ntchito mpaka usiku ali ndi tulo. Mugulireni zisoti ziwiri, konzetsani mabuleki, ndipo musapereke makiyi kwa munthu wopanda laisensi. Nanunso madalaivala a galimoto, yang'anani kawiri musanakhote kapena kutsegula chitseko.

Ngozi ikachitika pamaso panu, ikani foni yojambulira m'thumba, muthandize. Imitsani magalimoto kuti wovulalayo asagundidwenso. Musamuvule chisoti pokhapokha ngati chikumulepheretsa kupuma, chifukwa khosi likhoza kukhala lothyoka ndipo kulipotoza kungamupuwalitse thupi lonse. Musamukoke manja kapena miyendo. Pomunyamula mukhale angapo, mmodzi agwire mutu kuti ukhale mowongoka ndi msana. Pamene pakutuluka magazi panikizanipo ndi nsalu yoyera. Musamupatse madzi kapena chakudya, chifukwa akhoza kutsamwa ndiponso mwina akafunika opaleshoni. Dziwitsani apolisi.

Ndipo munthu amene wamenyetsa mutu, ngakhale adzuke yekha n'kunena kuti ali bwino, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Magazi otayikira m'chigaza amatha kutenga maola asanaonetse zizindikiro. Akayamba kusanza, kumva mutu wosaleka, kusinza mosadzutsika, kusokonezeka, kukomoka, kapena kutuluka magazi kapena madzi m'khutu ndi m'mphuno, musadikire kuti kuche. Pezani galimoto usiku womwewo, ndipo musamukwezenso pa njinga yamoto.