Nkhondo Simanga Mudzi, Ngakhale ya Zinjoka ndi Akasinja

Akuluakulu adati nkhondo simanga mudzi, ndipo sadapatulepo nkhondo ina. Sadanene kuti ya mikondo ndiyo imapasula pomwe ya mfuti imamanga, kapena kuti ya mankhwala ili ndi chisoni. N'chifukwa chake ndikamva achinyamata akukangana kuti angapambane ndani pakati pa zinjoka zolavula moto ndi amatsenga mbali iyi, ndi asilikali amakono a ndege, akasinja ndi madroni mbali inayo, ine ndimayamba ndafunsa za mudzi umene nkhondoyo ikachitikire.

Mkanganowo ndi wokoma ndithu. Ku Japan adaupangira kanema wa zithunzi zojambula wotchedwa Gate, amene adayamba kuonetsedwa mu 2015. Chipata chimatseguka pakati pa Ginza mumzinda wa Tokyo, n'kutulukamo ankhondo okwera zinjoka, ndipo asilikali a dzikolo amawapirikitsa ndi mfuti mpaka kwawo. Mwini nkhaniyo, Takumi Yanai, adakhalapo msilikali, ndiye n'zosadabwitsa kuti mfuti ndiyo imagonjetsa. Ena amatsutsa: mfiti ingalowe m'kampu usiku alonda ali maso, n'kulodza mkulu wa asilikali asanalamule chilichonse. Aliyense ali ndi mfundo yake, ndipo palibe amene amapita kwawo ali ndi bala.

Komatu nkhondo ya matsenga ndi mfuti idamenyedwa kale, anthu enieni n'kufa, ndipo si kutali ndi kuno.

Mu 1905 Ajeremani ankalamulira dziko limene lero ndi Tanzania. Anthu a kum'mwera kwake adatopa ndi msonkho komanso kulimitsidwa thonje mokakamiza, chikoti chili pamsana, minda yawo ya chakudya ikumera tchire. Ku Ngarambe kudadzuka Kinjikitile Ngwale, amene ankati wagwidwa ndi mzimu wa Hongo. Iye ankapereka madzi a mankhwala, n'kulonjeza kuti zipolopolo za mzungu zikasanduka madzi. Mu Julayi chaka chomwecho anthu a m'mapiri a Matumbi adazula thonje m'munda, ndipo nkhondo ya Maji Maji idabuka. Kinjikitile adanyongedwa mu Ogasiti, koma madzi ake adali atafika kale kutali, kwa mitundu imene kale sinkamwerana madzi. Angoni a ku Songea nawonso adalowamo, kudera lomwe Angoni a Maseko adakhalako asanabwerere kudzakhazikika cha ku Dedza ndi Ntcheu kuno.

Kumapeto kwa Ogasiti, anthu zikwizikwi adathamangira linga la Ajeremani ku Mahenge atanyamula mikondo. Mkatimo mudali asilikali ochepa ndi mfuti za chiwaya ziwiri. Zipolopolo sizidasanduke madzi.

Wokonda mfuti angaimire pomwepa n'kunena kuti mlandu watha. Sudathe. Anthu atasiya kuthamangira malinga n'kuyamba kubisalira adani m'tchire, chiwaya chidasowa woti chimuwombere. Pamenepo boma la bwanamkubwa Gustav Adolf von Götzen lidatembenukira ku nkhokwe. Asilikali ankatentha midzi, kuwononga mbewu m'minda ndi kulanda chakudya, cholinga chili choti njala igonjetse amene mfuti yawalephera. Mu Febuluwale 1906 mafumu ndi akuluakulu a Angoni oposa 60 adanyongedwa ku Songea. Pofika 1907 kudali zii. Azungu amene adafa pankhondo yonseyo adali 15, ndipo asilikali awo achikuda amene adafa adali mazana angapo. Eni dziko amene adafa, akatswiri a mbiri amati ndi pakati pa 75,000 ndi 300,000, ndipo ambiri mwa iwo sadaone n'komwe bwalo la nkhondo. Adali amayi, ana ndi nkhalamba, ophedwa ndi njala pakhomo pawo. Umo ndimo gulu lankhondo lamakono limachitira likakumana ndi mdani amene silikumumvetsa, ndipo sindiona chifukwa choganizira kuti likadachita mosiyana mdaniyo akadakhala chinjoka.

Sindikunena kuti mankhwala sadapindulepo kanthu pankhondo. Paja amati chalaka bakha nkhuku singatole, koma m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique nkhuku idatola. Nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, pamene anthu pafupifupi miliyoni imodzi adathawira ku Malawi, asilikali a boma adalephera kuchotsa gulu loukira boma la Renamo m'madera ambiri akumidzi. Cha m'ma 1989 kudatulukira mnyamata wina, Manuel António, amene ankati adafa n'kuukanso kuti adzathetse nkhondo. Gulu lake linkatchedwa Naparama. Wolowa gululo ankamutema mphini ndi lumo, n'kumupaka phulusa la mankhwala m'mabalamo, kenako n'kumukhapa ndi chikwanje pachifuwa kuti aone yekha kuti watsirikika. Ankamanga kansalu kofiira, n'kupita kunkhondo ndi mkondo kapena chikwanje, ali chilili, akuimba. Ankhondo a Renamo, amene nawonso adakulira m'midzi yokhulupirira zomwezo, ataona anthu akubwera osawerama, ambiri adataya mtima n'kuthawa. Midzi yambiri idamasuka motero, anthu n'kubwerera kuminda yawo. Chidagwira ntchito ndi mantha a wogwira mfutiyo. Tsiku limene adaleka kuthawa, zinthu zidatembenuka, ndipo Manuel António adaphedwa mu Disembala 1991 ku Macuse, kufupi ndi Quelimane.

Chimene chimandipweteka kwambiri pa nkhani zimenezi ndi malamulo a mankhwalawo. Usathawe, usabisale kuseri kwa mtengo, usabe, usagone ndi mkazi usanapite kunkhondo. Ena mwa malamulowa adali abwino, chifukwa adateteza anthu wamba ku umbava wa onyamula zida. Koma taonani zimene amachita mnyamata akagwa. Palibe amene amati mankhwala alephera. Amati adaswa lamulo, kapena adacheuka. Mayi wake amalandira maliro pamodzi ndi mlandu, ndipo wotema mphini amapitiriza kutema ena m'mawa mwake. Mnyamatayo waphedwa ndi chipolopolo cha mdani, kenako anzake omwe n'kumuipitsira mbiri ali m'manda.

Ngakhale zili choncho, sindingawaseke anthu a ku Matumbi kapena a ku Zambezia, ndipo amene amawatcha mbuli sadaganize mofatsa. Munthu sathamangira chiwaya ndi mkondo chifukwa chosadziwa kuti mfuti imapha. Adaiona ikupha abale ake. Amatero chifukwa njira zina zonse zatsekeka: wodandaulira palibe, womuteteza palibe, ndipo kukhala chete nakonso ndi imfa. Mankhwala amamupatsa chimene boma lidamumana, chomwe ndi chifukwa choimirira pamodzi ndi mnzake. Mlandu waukulu uli kwa amene adamufikitsa pamenepo.

Ndipo zimenezi si mbiri yakale yokha. Kumpoto kwa Mozambique, m'chigawo cha Cabo Delgado, zigawenga zakhala zikupha anthu ndi kutentha midzi kuyambira mu 2017, kudera lomwe kuli gasi wa ndalama zankhaninkhani. Kudapita asilikali a boma, a ku Rwanda, ndi a mayiko a SADC, onse ndi zida zamakono. Koma kumapeto kwa 2022, m'maboma monga Namuno ndi Montepuez, dzina la Naparama lidamvekanso. Anyamata a m'midzi adayambanso kutemera mphini, kumanga nsalu zofiira ndi kusaka zigawenga za mfuti ali ndi mauta ndi zikwanje, chifukwa usiku umene midzi yawo inkapsa, asilikali aja adali kwina.