Musakhale pakamwa pa akazi anu

Kalata ya sabata ino yachokera kwa Mmalawi mnzathu wokhala ku Manchester, m'dziko la England. Anakaphunzira ku China zaka zapitazo, ndipo mbeta anaipeza komweko. Atapeza ntchito ndi chilolezo chokhazikika ku Britain, analimbana ndi mapepala mpaka akazi ake anamutsatira. Tsopano mayiwo afika, koma sakutuluka m'nyumba. Kusitolo amadikira bambo, foni ikalira amapatsira bambo, wina akagogoda pachitseko amangoti zii. Mnzathuyu akufunsa njira yowaphunzitsira Chingerezi mwachangu.

Achimwene, yankho langa mwina silikukomerani. Mphunzitsi wa akazi anu asakhale inuyo, ndipo ntchito yanu yoyamba ndi kuleka kuwalankhulira.

Tiyambe ndi zimene mayiwa akudziwa kale, chifukwa si zochepa. Kuyambira mu 2001, boma la China linalamula kuti ana aziyamba Chingerezi ali m'kalasi yachitatu ya pulayimale. Pa mayeso olowera kuyunivesite otchedwa Gaokao, chinenero chakunja, chomwe ambiri amasankha Chingerezi, chimatenga malikisi 150 mwa 750 m'zigawo zambiri za dzikolo. Ndipo popeza anabwera pa chitupa cha ukwati, anayenera kusonyeza kuti Chingerezi chapansipansi akuchidziwa asanakwere ndege. Galamala ili m'mutu, kuwerenga amatha. Chosowa ndi khutu ndi kulimba mtima. Ife amene tinakhoza bwino Chingerezi pa MSCE tikukumbukira mmene dalaivala wa basi wa ku Manchester kapena ku Glasgow anatisowetsera chonena tsiku loyamba. Nanga munthu amene Chingerezi ankangokumana nacho pa pepala la mayeso?

Zolakwa zawo zambiri Mchewa sayenera kudabwa nazo. M'Chimandarini, mawu onena za mwamuna ndi onena za mkazi amamveka chimodzimodzi, monga ife timangoti "iye", ndiye muwamva akusokoneza "he" ndi "she". Mneni wa chinenero chawo sasintha malinga ndi nthawi. Amangowonjezera mawu ngati dzulo kapena mawa, nkhani yatha. Mawu awo ambiri amathera ndi vawelo, choncho zilembo zothithikana kumapeto kwa mawu a Chingerezi zimawapunthwitsa ngati mmene zimachitira kwa agogo athu. Zonsezi zimatha ndi kumva komanso kulankhula, osati ndi kudzudzulidwa pakati pa chiganizo. Munthu wamkulu akakonzedwa pamaso pa alendo amatseka pakamwa, ndipo kwa anthu a ku China kuchititsidwa manyazi pagulu ndi chilonda chosachedwa kunyeka.

N'chifukwa chake ndikuti mwamuna sakhala mphunzitsi wabwino. Mumabwera kuntchito mutatopa, mtima uli m'mwamba, ndipo chiganizo chimene mayi akuchisaka kwa mphindi yathunthu inu mumachimaliza m'kuphethira kwa diso. Mumayesa mwathandiza, koma mwawalanda mwayi. Mwezi ukatha onse amazolowera: woperekera zakudya amayang'ana inu, mwininyumba amayimbira inu, ndipo mayi amasanduka munthu woima kumbuyo. Mukakhala pa kauntala, bwererani sitepe imodzi, manja m'thumba. Wogulitsa adikira, ndi ntchito yake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lamulo nalonso silikulolani kuwabereka kumsana mpaka kalekale. Pakatha pafupifupi zaka ziwiri ndi theka, chitupa chimafuna kuwonjezeredwa, ndipo pamenepo pamafunika Chingerezi cha muyezo wa A2. Zikakwana zaka zisanu, wofuna kukhazikika wakhala akufunsidwa muyezo wa B1 komanso mayeso a Life in the UK, a mafunso 24, omwe munthu ayenera kukhoza 18. Mu 2025 boma linalengeza maganizo okweza miyezo ya Chingerezi kwa anthu obwera. M'chipinda cha mayeso mwamuna wawo saloledwa kulowa.

Ndiye aphunzire kuti? Makoleji a m'mizinda ya ku England ali ndi makalasi otchedwa ESOL, a anthu akuluakulu amene Chingerezi si chinenero chawo. Ubwino wake si mphunzitsi yekha ayi. Mayi akakhala pakati pa anzawo ochokera ku Sudan, Poland kapena Iran, onse akupunthwa mofanana, manyazi amatha. M'malaibulale ndi m'matchalitchi ambiri mumakhala magulu ongocheza m'Chingerezi, ndipo masitolo a mabungwe achifundo ogulitsa kaunjika amafuna anthu ongodzipereka. Chitupa cha ukwati chimalola kugwira ntchito, koma sankhani mosamala. Ntchito ya kukhitchini ya lesitilanti ya Atchaina imapezeka msanga ndipo ndalama imalowa, koma munthu akhoza kutha zaka kumeneko osalankhula ndi kasitomala ngakhale mmodzi.

Kwathu mtengwa akafika pamudzi wa eni, mwamuna si amene amamuzoloweretsa. Amatero ndi alamu ake popita kuchitsime, kuchigayo ndi kumaliro. Kumeneko ndi kumene amadziwira kuti uyu ndi ndani, nanga mawu akuti amanenedwa liti. Ku England kulibe chitsime. Munthu akhoza kukhala chaka osadziwa dzina la wa khomo loyandikana nalo, ndipo m'nyengo yozizira mdima umagwa cha m'ma 4 koloko masana. Udindo wanu ndi kuwapezera malo amene azipitako okha, masiku odziwika, kumene akajomba wina afunsa kuti lero ali kuti.

Palinso tinthu ting'onoting'ono timene timabwezera munthu ulemu wake. Ku China mayiwa ankalipira chilichonse ndi foni kudzera pa WeChat kapena Alipay, pomwe Google, WhatsApp ndi Facebook n'zotsekedwa kumeneko. Si kuti sadziwa za makono. Zida zawo zonse zasintha tsiku limodzi. Akhale ndi akaunti yakubanki m'dzina lawo, khadi lawo, kiyi wawo wa nyumba. Kwerani nawo basi kamodzi, ulendo wachiwiri apite okha, ngakhale asochere pang'ono. Alembetse kwa dokotala wa m'dera lanu, adziwe kuti 999 ndi ya ngozi ndipo 111 ndi ya uphungu wa zaumoyo. Kuchipatala apemphe womasulira, chifukwa NHS, yomwe imayendetsa zipatala za boma, imapereka mwaulere, ndipo pali zina zimene mayi sangamasuke kuuza dokotala kudzera m'kamwa mwa mwamuna wake. Ngati amayendetsa galimoto, laisensi ya ku China imagwira ntchito miyezi 12 yokha, kenako ayenera kukhoza mayeso a ku Britain, ndipo kumbukirani kuti kwawo amayenda kudzanja lamanja.

Koma musaganize kuti Chingerezi chimakula mukapha Chitchaina. Amuna ena amaletsa mafilimu a kwawo kwa mkazi ndi kumudula kwa anzake ati kuti aphunzire msanga. Kumeneko n'kumuwonjezera ukaidi. Munthu amene walimbana ndi chinenero chachilendo tsiku lonse amafuna pomasukira madzulo, ndipo inu amene munakhalako ku China muli ndi mwayi umene ambiri alibe. Apiteni nawo ku Chinatown, pa Faulkner Street pomwe pali chipata chachikulu, akagule zakudya za kwawo. Ingodziwani kuti si aliyense kumeneko amene alankhule chinenero chawo: ambiri mwa akale, komanso amene abwera kuchokera ku Hong Kong kuyambira mu 2021, amalankhula Chikantonizi, chomwe wa Chimandarini sangachimve popanda kuphunzira.

Ganizaninso za amene anawasiya. Kuyambira cha m'ma 1980 mpaka 2015, China inali ndi lamulo la mwana mmodzi pabanja, choncho n'kutheka kuti akazi anu ndiwo mwana yekhayo wa makolo amene akukalamba kutali. Nthawi ya ku China ili patsogolo ndi maola asanu ndi atatu m'nyengo yozizira, asanu ndi awiri m'nyengo yotentha; mukawapeza pa foni m'mamawa, musadandaule. Chaka chatsopano cha kwawo, chomwe chimagwa pakati pa 21 Januwale ndi 20 Febuluwale, ndi nthawi imene mtima umawawa kwambiri, chifukwa ndi pamene mabanja amasonkhana. Pemphani tchuthi tsiku limenelo. Mulungu akadzakupatsani mwana, mudzaona kuti nawonso ali ndi chikuta chawo, mwezi wathunthu mayi ali m'nyumba, akudya zotentha zokhazokha. Musadzaseke.

Chomaliza kwa inu ndi cholemera. Chitupa cha mayiwa chamangiriridwa pa ukwati wanu, ndipo sichiwalola kulandira thandizo la ndalama la boma. Mphamvu zonse zili m'manja mwanu, ndipo mphamvu zotere zimawononga ngakhale munthu wabwino. Pasipoti asunge okha. Kalata iliyonse yonena za iwo aiwerenge okha, ngakhale ndi dikishonale. Adziwe kuti lamulo la Britain limalola munthu amene wachitidwa nkhanza m'banja kupempha kukhazikika payekha. Ndipo nkhani ya unzika ikadzafika, musadzawakakamize, chifukwa China salola munthu kukhala nzika ya maiko awiri. Kutenga pasipoti ya Britain n'kutaya ya kwawo.

Nafenso Amalawi anzawo tili ndi mbali yathu. Pa maphwando athu timalankhula Chichewa kuyambira pa nsima mpaka potsanzikana, mlendo ali pakona ndi foni yake. Ena amafika pomuyerekezera kalankhulidwe ka kwawo ati nthabwala, chonsecho ifeyo tikudziwa kuwawa kwa kusekedwa m'dziko la eni. Amayi a ku Manchester, mayiwa ndi mlamu wanu. Dziwani dzina lawo lenileni ndipo muzilitchula bwino. Sabata ino mmodzi wa inu akawatenge, mupite nawo kumsika, amuna awo atsale kunyumba.