Sinema ya m'Katoni ndi Sinema ya m'Sitolo

Tsiku lina la Sabata, itatha Misa yaciwiri, tinakhala nao pa msonkhano wa acinyamata m'holo ya parishi. Nkhani inali imodzi yokha. Ndalama zimene anasonkha kwa miyezi yambiri, pogwira maganyu ndi kugulitsa zitumbuwa, zinali zitakwana tsopano kugula pulojekita, makina aja oonetsera zithunzi zoyenda pa cipupa. Colinga cao cinali cakuti masukulu akatsekera, ana a m'miphakati azionerera sinema zabwino pamodzi.

Mnyamata wina wa Giredi 11 anaimirira. “Amai,” anatero kwa msungicuma, “mutipatse theka cabe la ndalamazo. Tidzapanga yathu. Ndinaona m'mene amapangira.” Amai aja, amene asunga ndalama za magulu osiyanasiyana kwa zaka zambiri, anamuyang'ana pamwamba pa mandala ao. “Mwana wanga, nanga ukalephera, thekalo tidzalifunsa kwa yani?” Anthu anaseka, ndipo mnyamata uja anakhala pansi nkhope itagwa. Ife sitinaseke nao, pakuti tinaona kuti onse awiri analankhula zanzeru. Mwina funso lomweli lafika kale m'nyumba mwanu, okondedwa awerengi, ndiye tiyeni tiliunike bwino.

Tiyambe ndi kumuteteza mnyamatayo. Zimene ananena si maloto. Makina oponya cithunzi pa cipupa ndi akale kuposa magetsi a m'nyumba. Katswiri wa ku Holland, Christiaan Huygens, anali atajambula kale zithunzi zoonetsera m'makina otere m'caka ca 1659, ndipo wansembe wa ciJezuiti, Athanasius Kircher, anawafotokoza m'buku lace losindikizidwa mu 1671. Linali bokosi cabe: m'kati nyali ya mafuta, patsogolo pace kagalasi kopentedwa cithunzi, ndipo pakamwa pa bokosi mandala. David Livingstone anayenda nalo bokosi lotere. Mu Januwale 1854, ku mudzi wa mfumu Shinte ya Alunda, kumtunda kwa Zambezi, anaonetsa cithunzi ca Abrahamu atakweza mpeni pa Isaki. Pamene anakoka kagalasi kuti aikepo kena, mpeni uja unaoneka ngati ukudza kwa oonerera, ndipo azimai anathawa napundana. Mfumu yokha inakhalabe pa mpando wace, ndipo pambuyo pace inapita kukasuzumira m'bokosimo kuti ione cimene cinalimo. Mnyamata wathu uja ndi wa mtundu wa Shinte.

Kucokera nthawi imeneyo kufikira lero, pulojekita iliyonse ili ndi zinthu zitatu zomwezo: nyali, cithunzi ndi mandala. N'cifukwa cace mwana aliyense angathe kupanga yace madzulo amodzi. Atenge katoni ya nsapato, aipake utoto wakuda m'kati, aboole kumapeto kwina ndi kumatapo galasi lokulitsa zinthu, lija limagulitsidwa pamodzi ndi zolembera. M'katimo aimike foni itayang'ana ku galasi, kuwala kwace atakukweza mpaka pothera. Akamasuntha foniyo pang'onopang'ono, kutsogolo ndi kumbuyo, padzafika pamene cithunzi cidzaoneka bwino pa cipupa. Cidzaoneka cozondoka, mutu pansi miyendo m'mwamba, cifukwa kuwala kumapingasana podutsa m'mandala. Akazondotsa foni, anthu a m'cithunzi adzaimirira bwino, koma malemba adzawerengeka cobwerera m'mbuyo, mpaka ataikamo kalilole. Mwana amene walimbana ndi zimenezi ndi manja ace sadzafunanso kuloweza pamtima phunziro la kuwala pokonzekera mayeso.

Koma cithunzi cimeneco cimakhala ca cizimezime, ndipo apa ndi pamene amai asungicuma akuyamba kupambana. Foni ndi nyali yofooka, yopangidwira maso a munthu mmodzi. Tinene kuti cithunzi ca pafoni ndi masentimita 15 m'litali, ndipo ife tifuna ca mita imodzi ndi theka. Tacikulitsa kakhumi m'litali ndi kakhuminso m'lifupi, kutanthauza kuti kuwala komwe kuja kwamwazika pa malo okula ka 100. Zili ngati kutenga ndowa ya madzi yokwanira bedi limodzi la ndiwo za masamba n'kuthirira nayo mabedi 100. Ndiponso si kuwala konse kocokera m'foni kumene kumalowa m'mandala. Kwambiri kumathera m'zipupa za katoni. M'cipinda cotseka, usiku, ana atatu adzakondwa. M'holo ya anthu 80 palibe adzaona kanthu.

Mnyamata uja ankadziwa zimenezi. Iye ankanena za pulojekita yaikulu, ya mtundu umene amisiri a panyumba m'maiko ambiri ankapanga ca m'ma 2003 mpaka 2008. Ankatenga sikirini yopyapyala ya kompyuta, kawirikawiri ya mainchi 15, n'kucotsa zonse za kumbuyo kwace mpaka kutsala galasi lokha loonekera mbali zonse. Galasilo ankaliika m'bokosi la matabwa pakati pa mandala awiri aphwatalala a mizeremizere, ochedwa Fresnel, dzina la Augustin Fresnel wa ku France amene anawakonzera nsanja zounikira zombo ca m'ma 1820. Kumbuyo ankaikako getsi la mawati 250 kapena 400, la mtundu wounikira m'mafakitale ndi m'masitolo akuluakulu, ndi mafani oziziritsa. Bokosi lonse linkakula ngati sutukesi, koma linkagwira nchito.

Cinawakakamiza ndi mtengo. Masiku amenewo pulojekita ya m'sitolo inali pa madola a ku America 1,000 kapena kupitirira, ndipo getsi lace linkatha pa maola ngati 2,000 cabe. Kugula getsi lina kunkafuna madola mazana angapo. Getsi la m'fakitale linali lochipa ndithu, ndipo linkakhalitsa kangapo kuposa pamenepo. Munthu wa manja aluso ankapulumutsadi ndalama.

Nanga mavuto ace? Galasi la sikirini limadya kuwala moopsa. Theka limatsekerezedwa pakhomo penipeni, ndipo pa kotsalako tizidutswa topereka mitundu, kufiira, kubiriwira ndi kabuluu, timamezanso gawo lalikulu. Kumene kumatuluka sikufika ndi gawo limodzi lomwe mwa magawo khumi. Kuwala kotsekerezedwako kumasanduka kutentha, ndipo galasi likatentha limada mawangamawanga. Fani ikangoima, cithunzi cimafa, ndipo bokosi la matabwa lokhala ndi getsi lotentha motero m'kati si cinthu cosiya ndi ana. Getsi lomwelo limatulutsa ceza cosaoneka cimene cimapweteka maso, ndipo poyaka limafuna mphamvu ya magetsi yotha kupha munthu. Tisaiwalenso timawaya topyapyala ngati pepala tolumikiza galasi lija. Kamodzi kokha kakang'ambika pocotsa, sikirini yonse yatha. Ambiri anataya yoyamba, nadzapambana pa yaciwiri. Gulu limene lasonkha ndalama za zitumbuwa lilibe yaciwiri.

Cimene cinathetsa mpikisano umenewu ndi kagetsi kakang'ono ka LED. Mu 1993 Shuji Nakamura wa ku Japan anapanga LED yowala ya buluu, imene inatsegula njira ya LED yoyera, ndipo mu 2014 analandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi Isamu Akasaki ndi Hiroshi Amano. Magetsi amenewa satentha ngati akale aja, sadya mphamvu yambiri, ndipo amatha kuyaka maola 20,000 kapena kuposa. Coseketsa n'cakuti mukatsegula pulojekita yochipa imene ili m'masitolo lero, mudzapezamo mapangidwe omwe aja a amisiri a panyumba: LED imodzi, mandala a Fresnel awiri, galasi limodzi la sikirini, kalilole ndi fani. Mafakitale anangotenga bokosi la matabwa lija n'kulicepetsa, ndipo popeza amapanga zikwizikwi, amagulitsa makina athunthu pa mtengo umene munthu mmodzi sangagule nao ngakhale ziwiya zace zokha, makamaka akaonjezapo ndalama zotumizira mandala kucokera kunja. Cifukwa copangira pulojekita kuti tipulumutse ndalama cinatha pamenepo.

Kwa ife kuno pali nkhani inanso, ya magetsi. Tonse tikukumbukira caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo nyumba zambiri zinkakhala mu mdima maola 17 pa tsiku, mwinanso kupitirira. Parishi ya kumudzi, ngakhale ya m'tauni, iyenera kuganiza za batire ndi sola. Batire ya mavoti 12 yolembedwa 100Ah, ngati tigwiritsa nchito theka la mphamvu yace kuti isafe msanga, ingayatse getsi la mawati 400 kwa ola limodzi ndi theka cabe. Sinema isanathe, mdima. Pulojekita ya LED ya mawati 60 ingayake pa batire yomweyo maola pafupifupi khumi.

Komabe tisathamangire ku sitolo maso ali citsinzinire. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo makatoni a makinawa ndi mikuyu yeniyeni. Kuwala kwa pulojekita kumayezedwa ndi malumeni, koma pali mayezedwe oona ndi mayezedwe a malonda. Funsani ciwerengero cimene cili ndi mau akuti ANSI kapena ISO pambali pace. Kabokosi kokwana m'dzanja kolembedwa malumeni 9,000 popanda mau amenewa kangakhale kakupereka mazana awiri kapena atatu okha. Mazana amenewo akwanira pabalaza usiku, makatani atatsekedwa. Holo imene mazenera ace alibe cotchinga imafuna makina a malumeni a ANSI ngati 3,000, a mtundu wa m'makalasi, ndipo amenewo ndi odula ndiponso amadya magetsi ambiri. Gulu lisankhe: kulipira zambiri, kapena kuonetsa sinema dzuwa litalowa. Cenjeraninso ndi mau akuti makina “amalandira” 1080p. Kulandira ndi kwina, kuonetsa ndi kwina. Funsani kuculuka kwa timadontho ta galasi lace lenileni, cifukwa malemba a pansi pa cithunzi sawerengeka ngati timadonthoto n'tocepa. Wogulitsa ayatse makinawo inu mukuona, muimike dzanja pamene pamatuluka mpweya, mumve phokoso la fani, ndipo musacoke popanda lisiti. Pomaliza sungani ndalama ina ya sipika, pakuti kasipika ka m'kati sikamveka kupitirira mzere waciwiri wa mabenchi.

Maganizo athu tsono ndi awa. Ndalama za gulu, zosonkhedwa kuti anthu ambiri aonerere, zigule makina a m'sitolo. Amai aja sanalakwe. Koma kuseka kuja kunatipweteka mtima. M'nyumba zathu timadandaula kuti ana a masiku ano amangodziwa kutosa foni, kuti dziko lathu limagula ciliconse kunja, ngakhale singano. Ndiye akapezeka mmodzi wofuna kudziwa za m'kati mwa bokosi, timamukhazika pansi ndi phwete. Galasi lokulitsa ndi katoni ya nsapato sizingagwetse banja. Sikirini yakufa imene yangokhala kwa wokonza mawailesi, ngati galasi lace lili lamoyo, ingapezeke pa mtengo wocepa, ndipo ndi LED m'malo mwa getsi loopsa lija, mwana wamkulu angayese bokosi lalikulu pamaso pa munthu wodziwa za magetsi. Akalephera, cotayika n'cocepa. Cimene tikuletsa ndi kumasula kompyuta yokhayo ya panyumba, imene mlongo wace amalembera nchito za ku koleji.

Msonkhano uja unagwirizana zogula. Atatuluka anthu, tinamva amai asungicuma akuitana mnyamata uja pambali. “Iwe ndiwe udzapita nane ku tauni,” anatero. “Ine za malumeni zakozo sindizidziwa. Ukalankhule ndi wogulitsa ndiwe, ndalama ndigwira ndine.” Anapitadi, ndipo timva kuti anakana makina awiri asanavomere acitatu. Iye ndiye amasunga makinawo tsopano, ndipo amapukuta fumbi pa kasefa ka mpweya sinema iliyonse ikatha.

Sabata lapitali, tikudutsa kuseri kwa holo, tinapeza ana asanu ndi mmodzi atadzipanikiza m'kacipinda kosungira mipando, citseko atatseka. Pa cipupa panali kamunthu kotuwa, kozondoka, kakuthamanga ndi mpira mutu uli pansi. Mnyamata uja anali atagwada pambali pa katoni ya nsapato, ndipo anakana kuwauza cocita. Kamtsikana kena ka Giredi 5 kanayang'ana cipupa, kanayang'ana katoni, kenaka kanapisa dzanja n'kutembenuza foni.