TIYEZE MADZI TISANAKUMBE MIPOPE KU KARONGA

Aliyense amene anayendapo m'tauni ya Karonga m'miyezi ya Marichi ndi Epulo akudziwa kuti madzi a kumeneko safulumira kuchoka. Tauniyi inamangidwa pachigwa chosalala, pakati pa mtsinje wa North Rukuru ndi nyanja ya Malawi, ndipo madzi a pansi pa nthaka ali pafupi kwambiri. Mvula ikalimbika zimbudzi zokumba zimasefukira, ndipo zonyansa zimakumana ndi madzi amene ana athu amasewerapo ndi amene amai amatunga.

Kalembera wa 2008 anapeza anthu pafupifupi 40,000 m'tauniyi, pamene wa 2018 anapeza oposa 61,000. Anthu onsewa amadalira zimbudzi zokumba ndi maenje a simenti osungira zonyansa, pakuti tauniyi ilibe mipope ya suweji yolumikiza nyumba ndi nyumba monga ili m'madera ena a Blantyre ndi Lilongwe. Sitinaiwale kolera imene inavuta m'boma la Karonga kuyambira kumapeto kwa 2017, kapenanso mliri wa 2022 ndi 2023 umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Choncho amene akunena kuti Karonga ifunika ngalande zabwino ndi mipope ya zonyansa akunena zoona.

Koma maganizo athu ndi akuti khasu lisanagwe pansi, ntchito yoyamba ikhale kuyeza.

Masiku ano mainjiniya asanamange mipope amayamba apanga chifaniziro chake pa kompyuta. Amalowetsamo kukula kwa mpope uliwonse, kutsetsereka kwa nthaka, chiwerengero cha anthu ndi kuchuluka kwa mvula, ndipo kompyuta imawerengera pamene madzi adzayenda bwino ndi pamene adzasefukira. Komatu kompyuta imangobweza zimene yapatsidwa. Ikapatsidwa manambala ongoganizira, yankho lake lidzakhalanso longoganizira.

N'chifukwa chake m'mizinda ya mipope amaika zipangizo m'mipopemo zoyeza kuya kwa madzi ndi liwiro lake mphindi zingapo zilizonse, usana ndi usiku, pamodzi ndi zoyezera mvula. Akatero amafananitsa zimene zayezedwa ndi zimene kompyuta inanena, nakonza manambala ake kufikira ziwirizo zitagwirizana. Kuyeza kwa m'chilimwe kumasonyeza makamaka zonyansa zochokera m'nyumba. Kuyeza kwa pakati pa usiku, anthu ali m'tulo, kumaulula madzi a m'nthaka olowa m'ming'alu ya mipope. Kuyeza kwa m'dzinja kumasonyeza katundu amene mvula imaonjezera.

Wina adzafunsa kuti, nanga ku Karonga tiyeza chiyani popeza mipopeyo kulibe? Zoyeza zilipo zambiri. Bungwe la Northern Region Water Board lili ndi mamita osonyeza madzi amene nyumba, sukulu, chipatala ndi malo ogona alendo amagwiritsa ntchito, ndipo gawo lalikulu la madzi amenewa ndilo limasanduka zonyansa. Ngalande za m'mbali mwa msewu wa M1 ndi za pamsika zingayezedwe mvula ikugwa. Kukwera ndi kutsika kwa madzi a m'zitsime kungalembedwe mwezi ndi mwezi. Koposa zonse, kutalika kwa North Rukuru ndi kwa nyanja kuyenera kudziwika, chifukwa ngalande sikhuthula madzi ake pamene kotsirako kwadzaza kale. M'chaka cha 1980 nyanja inakwera kufika pafupifupi mamita 477 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo inakweranso mochititsa mantha mu 2024. Amene ayeza m'chaka cha nyanja yotsika yekha adzamanga ngalande zimene zidzabweza madzi m'makomo a anthu.

Kulakwitsa kukula kwa mpope kuli ndi mtengo mbali zonse ziwiri. Mpope ukachepa, zonyansa zimatumphukira m'misewu. Ukakula mopitirira, madzi amayenda mwaulesi, mchenga ndi zinyalala zimakhazikika mpaka kutseka, ndipo ndalama za msonkho zakwiriridwa pachabe. Pamalo osalala ngati Karonga pangafunikenso makina opopa, amene amadya magetsi tsiku ndi tsiku. Kuwagula mosayeza ndiko kusiyira ana athu ngongole. Ndiponso dera ili ndi la zivomezi, monga tinaonera mu Disembala 2009, ndipo mpope wong'aluka umamwa madzi a m'nthaka. Kuyeza kuyenera kupitirira ngakhale mipope itamangidwa.

Tikumva dandaulo la amene akuti kuyeza kumachedwetsa chitukuko pamene anthu akudwala lero. Dandauloli ndi lomveka, ndipo sitikunena kuti kugawa mankhwala a m'madzi, kupopa maenje odzaza ndi kusesa ngalande kudikire. Zimenezo zichitike tsopano. Koma mipope imakhala m'nthaka zaka makumi ambiri. Mzinda wa London ukugwiritsabe ntchito mipope imene Joseph Bazalgette anakonza pambuyo pa fungo lalikulu la mtsinje wa Thames mu 1858. Dzinja limodzi kapena awiri a kuyeza ndi kanthu kochepa poyerekeza ndi zaka zotere. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono udindo uli pa ife. Ogwira ntchito m'boma ndi m'khonsolo amene apatsidwa buku lolembamo miyeso alembe zimene maso aona, pa ola lake, ngakhale kunja kukugwa chimvula. Nambala yolembedwa munthu ali pamkeka kunyumba ndi bodza limene lidzakwiriridwa pamodzi ndi mpope. Akuluakulu okonza bajeti asadule ndalama za kuyeza poziona ngati zosaoneka ndi maso. Atsogoleri a m'madera, mogwirizana ndi mafumu, afotokozere anthu kuti kabokosi komangirira pamlatho ndi thabwa la manambala loimikidwa mumtsinje ndi chuma cha mudzi wonse, osati chitsulo chokagulitsa.

Mvula ikubwerayi isatipeze tilibe poilembera.