Injekita tingatsuke pakhomo, koma si iliyonse



Ife tinakula galimoto ili ndi kabuleta. Ikatsamwa, makaniko ankamasula, kupemerera ndi pakamwa, kutokosa ndi kawaya, basi ulendo n'kupitirira. Galimoto zimene zadzaza misewu yathu lero, izi zochokera ku Japan monga Sienta, Probox ndi Hiace, zilibe kabuleta. Zili ndi tizitsulo totalika ngati chala totchedwa injekita, kamodzi pa silinda iliyonse. Ntchito yake n'kupopera petulo mu injini ngati nkhungu, kudzera m'timabowo tochepa kuposa diso la singano. Timabowo timeneto tikatsekeka ndi zinyalala, galimoto imavuta kulira m'mawa, imanjenjemera ikaima, imafooka pachitunda, ndipo imadya mafuta ngati ili ndi ngongole. Amakaniko amangoti ikumisa.

Wina afunsa kuti kodi shehe wa kumunda walowa bwanji nkhani za galaja. Yankho lili pamsewu. Usipa ndi utaka zochokera ku Monkey Bay ndi ku Mangochi sizifika ku Ntcheu pamutu, zimabwera pa pikapu kudzera ku Golomoti kapena ku Balaka. Tomato, kabichi ndi mbatata ya kachewere za ku Lizulu ndi ku Tsangano zimatsikira kwa inu pa galimoto zomwezo. Galimoto ikafa pa Sharpevale dzuwa lili paliwombo, nsomba yaiwisi sidikira makaniko. Ndiye amene waluza si mwini galimoto yekha, komanso mayi amene anatenga nsombazo pangongole kwa msodzi, ndi msodzi amene akudikira ndalama yake kuti agule mafuta a boti.

Chatichititsa kulemba ndi chimene tinaona pakhomo pathu pomwe. Mdzukulu wathu wina amayendetsa Probox ya amalume ake, kunyamula katundu wa anthu masiku a msika. Miyezi ingapo yapitayo galimoto ija inayamba kumisa. Ku galaja ina anamuuza kuti agule ma injekita onse anayi, ndipo mtengo umene anamutchulira unali woti tigulitse mbuzi zingapo. Mnyamatayo sanagule. Anamasula ma injekita aja n'kuwaika pa nsalu yoyera pansi pa mtengo wa mango. Anatenga chitini cha mankhwala otsukira kabuleta, kapaipi ka labala, mawaya awiri ndi kabatire ka 9 volts. Analumikiza kapaipi kuchokera pakamwa pa chitini kukafika kumutu kwa injekita, n'kumanga zolimba. Akatsindika chitini, mankhwala amadzaza m'kapaipi, ndiye iye amagunditsa waya ku batire pang'onopang'ono, tha, tha, tha. Kugunda kulikonse injekita imatseguka n'kulavula. Yoyamba inkalavula nkhungu yabwino. Yachitatu inkangochucha madontho ngati mphuno ya mwana wa chimfine, koma atabwereza kangapo, n'kuitembenuzanso kuti mankhwala alowere kumapeto atulukire kumutu, inayamba kupopera ngati zinzake. Madzulo ake galimoto inalira bwinobwino.

Ife tinaima pamenepo n'kumayang'ana, ndipo kunena zoona tinakondwa. Pali akuluakulu ena, anzathu a msinkhu womwewu, amene amati ana asamagwire zinthu zimene sanaphunzire kusukulu. Ifeyo sitigwirizana nawo. Ifenso sukulu tinalekeza ku pulayimale, koma kulumikiza mitengo ya mango ndi kukonza pampu yopalasa tinaphunzira poona ndi poyesa. Makina enieni otsukira ma injekita, aja amagwedeza madzi ndi kuyeza mafuta otuluka, amapezeka m'magalaja a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Kupita kumeneko n'kutaya tsiku lathunthu, kuwonjezera thiransipoti ndi malipiro. Kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, sipeya iliyonse inakwera mtengo, chifukwa zonse zimagulidwa kunja. Munthu amene angapulumutse injekita ndi kabatire ndi kapaipi wapulumutsa ndalama ya feteleza. Sitiona chifukwa chomukalipira.

Koma kukondwa kwathu kunali ndi mantha mkati, ndipo mantha amenewo ndi amene tikufuna tikhalepo pang'ono.

Choyamba ndi moto. Mankhwala aja ndi petulo zimayaka ndi kamoto kochepa kwambiri, ndipo waya ukamagunda ku batire umathetheka. Mdzukulu wathu anali atayika batire pafupi penipeni ndi pamene nkhungu ija imatulukira. Tinamuuza atalikitse mawaya, batire ikhale kutali ndi kumbuyo kwake, mphepo izichotsa nkhunguyo osati kuibweretsa kwa iye. Ntchito imeneyi si ya m'nyumba, si ya pafupi ndi khitchini, ndipo wosuta fodya aime kutali. Inu a kunyanja mukudziwa kuyandikana kwa nyumba za udzu ndi thandala pa madoko. Moto wa petulo suzimitsidwa ndi madzi, madzi amangouyendetsa. Pakhale ndowa ya mchenga pambali. Maso nawonso atetezedwe, ngakhale ndi magalasi wamba, pakuti kapaipi kakavuka mankhwala amathamangira kunkhope.

Kenako pali kuononga chimene umafuna kukonza. M'kati mwa injekita muli kawaya kokulungidwa kamene kamakoka kasingano magetsi akalowa. Kanapangidwa kuti kazilandira magetsi mwa kaphindi, kutseguka ndi kutseka kambirimbiri pa sekondi imodzi. Ukagwiritsa waya pa batire ya galimoto osachotsa, kawayako kamatentha n'kupsa, injekita n'kufa. N'chifukwa chake kabatire kakang'ono kali bwino kuposa batire ya 12 volts m'manja mwa wophunzira. Timabowo tija tisatokosedwe ndi singano kapena waya monga tinkachitira ndi kabuleta, chifukwa bowo likakula pang'ono pokha injekita izithira mafuta opyola muyeso mpaka kalekale. Ndipo pali timalabala tozungulira kumutu ndi kumapeto kwake. Timeneto tikauma kapena kung'ambika, petulo amadontha pamwamba pa injini yotentha. Ambiri amabwezera takale tomweto pofuna kusunga ndalama yochepa. Apa pokha ife tikuti ayi, gulani tatsopano, ndipo mukabwezera zonse tsegulani kiyi osaliza, muyang'ane ndi kununkhiza ngati pali podontha musanakweze munthu aliyense.

Zonsezi zikukhudza injekita ya petulo ya mtundu wamba, imene mafuta ake amakankhidwa ndi mphamvu ya ma bar atatu kapena anayi, kuposa pang'ono mpweya wa m'tayala. Dizilo ndi nkhani ina. Nozo ya injini ya chigayo, ya thirakitala kapena ya lole yakale imatseguka pa mphamvu yoposa ma bar 100. Tamva kuti anyamata ena amapanga choyesera chake ndi jeke ya galimoto ndi geji, ndipo chimagwiradi ntchito. Koma nkhungu yotuluka pamenepo imaboola khungu. Munthu amaika chala kuti amve ngati ikupopera, amangoona kabala ngati ka minga, n'kumati palibe kanthu. Dizilo walowa kale m'mnofu, ndipo pakapita maola chala chimatupa n'kuyamba kuola. Anthu adulidwa zala ndi manja chifukwa cha zimenezi. Zikachitika, musamange nsanza n'kudikira mawa, thamangani kuchipatala nthawi yomweyo ndipo mukanene momveka kuti ndi mafuta olowa ndi mphamvu. Msodzi wopanda zala akoka bwanji chilimira?

Tsono pali injini za dizilo zatsopano, monga za Hilux zolembedwa D-4D, zimene mphamvu yake imapyola ma bar 1,000 ndipo zimalamulidwa ndi kompyuta. Palinso za petulo zolembedwa D-4, monga m'ma Noah ndi ma Voxy ena, zimene zimapopera mwachindunji mu silinda ndi mphamvu yaikulu. Zimenezi si za pansi pa mtengo wa mango. Amene akukuuzani kuti azitsuka ndi kabatire akuphunzirira pa chuma chanu. Kumeneko lipirani thiransipoti, mupite kwa amene ali ndi makina.

Apa pakubwera nkhani ya amana, imene sitingaidumphe. Kuyesa pa galimoto yako ndi ufulu wako. Koma mnyamata akatsuka ziwiri zitatu n'kuyamba kudzitcha katswiri, kulandira ndalama za anthu pa ntchito imene sakuidziwa malire ake, wayamba kudya za eni. Galimoto ya munthu ikakhala m'manja mwako ndi chosungitsa. Ngati vuto si injekita, mwina ndi mapulagi, koyilo, pampu ya m'thanki kapena fyuluta, umuuze mwini wake zoona, ngakhale ndalama ikupite. Galimoto zambiri zimene zimamisa vuto lake limakhala pulagi chabe, ndipo kumasula ma injekita pamenepo n'kuvutitsa galimoto yosalakwa. Ngati waotcha injekita ya mwini, vomera, osanamizira kuti inali yakufa kale. Mdzukulu wathu tinamuuza zomwezi pamaso pa amalume ake, ndipo sanasangalale nazo kwenikweni.

Koma tikamakangana za katsukidwe tisaiwale kufunsa kumene zinyalalazo zikuchokera. Kuyambira 2022 dziko lino lakhala likusowa mafuta kawirikawiri, mizere ya galimoto kugona pa malo omwetsera. Nthawi zoterezi tonse timathamangira kwa mavenda a zigubu ndi mabotolo m'mbali mwa msewu, ndipo ife a ku Ntcheu, poti malire a Mozambique ali pakhomo, timawadziwa bwino mafuta oterewa. Bungwe la MERA laletsa kangapo kugula ndi kugulitsa mafuta m'zigubu popanda chilolezo, koma munthu wa kumudzi amene filing'i siteshoni ili kutali, kapena ilipo koma youma, achita bwanji? Sitikumuweruza. Chimene tikunena n'chakuti chigubu chimene dzulo munali mafuta ophikira kapena madzi, lero muli petulo, chimapereka zonse zimene chasunga. Fanulo yogona pamchenga imalowetsa mchenga. Ndipo petulo wa ku Malawi kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, amene anayamba kupangidwa ku Dwangwa mu 1982 ndipo pano amapangidwanso ku Chikwawa. Ethanol amakoka chinyezi. Chigubu chosatseka bwino, makamaka kunyanja ndi nthawi ya dzinja, chimamwa madzi, madziwo amakhala pansi pa thanki n'kuyambitsa dzimbiri, dzimbirilo ndi limene limakathera mu injekita.

Ife tinagulapo malita asanu kwa mnyamata wina pamsewu, usiku, tikuthamangitsa wodwala. Sitinayende mtunda wautali galimoto inayamba kukhosomola ndi kutulutsa utsi, fungo lake la palafini. Tinafika, Alhamdulillah, koma mochedwa. Sitimutchula, mwina nayenso anagulitsidwa choncho. Koma amene amathira palafini mu petulo kapena mu dizilo n'kugulitsa ngati weniweni adziwe kuti si bizinesi imeneyo. Mu Qur'an muli sura yathunthu, Al-Mutaffifin, yotchedwa ndi dzina la anthu ochepetsa muyeso, ndipo botolo lofinyidwa m'mbali kuti lichepe mkati ndi muyeso womwewo. Tikudziwa kuti ena mwa ogulitsawa ndi ana athu, timaswali nawo limodzi Lachisanu.

Inu a maboti mwina mukuti nkhaniyi si yanu, pakuti injini zambiri za pamadzi, monga Yamaha Enduro, zikadali za kabuleta. Zoona, mulibe injekita. Koma tijeti ta mu kabuleta timatsekeka ndi zinyalala zomwezo, ndipo galimoto ikafa munthu amatsika n'kuima pambali pa msewu, pamene injini ikazima pakati pa nyanja mwera ukuomba palibe potsikira. Kusefa mafuta n'kofunika kwa inu kuposa ife. Nsalu yoyera yothina pa fanulo, chigubu chimodzi cha mafuta okhaokha chokhala ndi chitsekero chake, kuchisiya chikhazikike kanthawi musanathire ndi kusathira madontho otsiriza a pansi, zimenezi sizifuna ndalama. A galimoto, fyuluta ya mafuta isinthidwe pa nthawi yake, ndipo chizolowezi choyenda ndi thanki youma, kuthira lita imodzi imodzi, chimapha pampu, chifukwa pampuyo imazizira ndi mafuta omwe yamiramo. Tikudziwa, kudzaza thanki masiku ano ndi maloto. Komabe pamene mwapeza, musadikire kuti nyali iyake.

Kanthu kena kakang'ono. Mankhwala ndi petulo wakuda wotsala mukatsuka musathire m'ngalande ya kudimba kapena m'mphepete mwa nyanja pamene amayi amatsuka mbale. Sungani m'botolo lotseka, kutali ndi ana, ndipo lisakhale botolo la zakumwa.

Mdzukulu uja pano zipangizo zake amasunga m'chitini cha bisiketi. Wawonjezamo magalasi, mawaya aatali ndi kapaketi ka timalabala tatsopano, ndipo akusunga ndalama yoti agule kamita koyezera magetsi, kuti azidziwa injekita yakupsa asanataye mankhwala. Sabata yatha kunabwera bambo wina ndi Hilux ya dizilo, atamva mbiri yake kumsika. Mnyamatayo anatsegula boneti, anayang'ana, n'kutseka. Anawauza kuti apite ku Lilongwe. Bambowo anachoka akung'ung'udza kuti ana a masiku ano ndi aulesi, ndipo ife tinali pakhonde tikusenda nandolo, sitinayankhepo kanthu.