Kunyezimira kwa hologram si umboni wokwanira wa chiphaso chenicheni

Pamene maboma ambiri akudalira hologram poteteza ziphaso ndi ndalama, nkofunika kuti ogwira ntchito m'boma amvetse m'mene lusoli limagwirira ntchito.

Dennis Gabor, yemwe adalandira mphoto ya Nobel mu 1971, adatulukira njirayi mu 1947, koma phindu lake lidaoneka laser itapangidwa mu 1960. Kuwala kwa laser kumagawidwa pawiri, ndipo mbali ziwirizo zikakumana pa galasi lopakidwa mankhwala zimasiyapo timizere tosaoneka ndi maso. Timizereto ndi timene timakhotetsa kuwala ngati lens, ngakhale galasilo ndi lathyathyathya.

Akathyali nawo sadagone: amatsanzira kunyezimirako ndi timapepala totchipa. Choncho wolandira ziphaso pa kauntala aphunzitsidwe kupendeketsa chiphaso ndi kuona ngati chithunzicho chikusintha moyenera.